Makiyi m'Manja, Nyumba Yopanda Kanthu

Akuluakulu a ku Matero, Chilenje ndi Libala akali kukumbukira masiku amene nyumba zao zinali za khonsolo, munthu nkumalipira lendi yocepa mwezi ndi mwezi. M'caka ca 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumbazo zigulitsidwe kwa okhalamo. Ku Britain, kumene ana athu ambiri anapita kukagwira nchito ya unamwino ndi yosamala okalamba, nyumba zotere zikalipo, ngakhale kuti nakonso zinacepa. Kuyambira 1980, pamene boma la Margaret Thatcher linalola okhalamo kuzigula, nyumba pafupifupi 2 miliyoni zagulitsidwa ku England. Pofika 2024, mabanja oposa 1.3 miliyoni anali pa mndandanda woyembekezera nyumba.

Si aliyense aloledwa kulembetsa. Wokhala m'dzikomo ndi viza ya nchito kapena ya sukulu kawirikawiri sapatsidwa nyumba ya khonsolo kufikira atalandira cilolezo cokhazikika. Banja loyenerera likhoza kudikira zaka zambiri. Koma tsiku likakwana, zonse zicitika mwa liwiro: telefoni ilira, banja lipita kukaona nyumba, ndipo pakapita masiku owerengeka lisaina mapepala ndi kulandira makiyi. Kuzengereza nkoopsa, makamaka kwa banja lopanda pokhala limene khonsolo inalisunga m'cipinda congoyembekezera, pakuti likakana nyumba yoyenera, khonsolo ikhoza kusamba m'manja.

Cimene cidabwitsa ambiri akatsegula citseko ndico cakuti m'nyumbamo mulibe kanthu. Mulibe sitovu, filiji, bedi ngakhale makatani. Kupatula m'khichini ndi m'bafa, pansi pamakhala simenti kapena matabwa, ndipo kambiri kapeti wa munthu amene anatulukamo amacotsedwa ndi kutayidwa. Bungwe la End Furniture Poverty linapeza mu 2021 kuti mwa nyumba 100 zotere, 2 cabe ndizo zimabwerekedwa ndi katundu. Dziko la Wales linacitapo kanthu: kuyambira 2024 nyumba iyenera kukhala ndi coyala pansi wolowamo watsopano asanafike. Kwa ife ozolowera simenti yopaka polishi wofiira, zimenezi zingaoneke zacabe. Koma simenti ya m'mwezi wa Januwale ku Leeds iluma ngati madzi oundana, ndipo khanda lokwawa ndilo liyamba kumva.

Ndalama nazo zifunika pa nthawi imodzi. Pali lendi yoyambira, pali galimoto yonyamula katundu, ndipo wocokera m'nyumba ya munthu wamba apitiriza kulipira kufikira notisi yace itatha. Thandizo la boma lochedwa Universal Credit kawirikawiri sililipirira nyumba ziwiri. Conco nkwanzeru kupempha, asanasaine, kuti tsiku loyambira lendi likankhidweko pang'ono. Nthawi zina amavomera, ndipo kufunsa sikulipiritsa.

Popeza ndalama sizingakwanire zonse, cofunika ndi kudziwa coyamba kugula. Ife tikuti coyamba ndi pogona ana, cifukwa mwana wogona pozizira adwala ndipo m'kalasi amangosinza. Matilesi oyala pa makatoni okhuthala akwanira kufikira bedi itapezeka, koma khanda lifunika matilesi akeake olimba ndi aukhondo. Caciwiri ndi pophikira. Sitovu ya gasi, mwa lamulo, iyenera kulumikizidwa ndi mmisiri wolembedwa m'kaundula wa Gas Safe, ndipo iyenso afuna malipiro. Poyembekezera, kasitovu ka magetsi ka mbale ziwiri kaphika nsima ndi ndiwo bwino lomwe. Apa ticenjeze mwamphamvu: mbaula ya makala, imene itipulumutsa kuno magetsi akazima, isalowe m'nyumba za kumeneko. Mazenera ndi zitseko zace sizilola mphepo kudutsa, ndipo mpweya wa makala, wopanda fungo, upha banja lonse lili m'tulo. Pa zenera, citenge comangirira pa cingwe cigwira nchito ya katani. Kapeti wa nyumba yonse adikire. Zidutswa zotsala zimene masitolo a kapeti agulitsa mochipa zikwanira cipinda ca ana. Mipando ya pabalaza ndi wailesi yakanema nzomalizira, alendo aseke ngati afuna.

Thandizo lilipo, koma silibwera lokha. Kufikira 2013 boma linali ndi thumba lopatsa mabanja otere ndalama zogulira katundu. Cakaco udindowu unapita ku makhonsolo, ndipo tsopano zidalira kumene munthu akhala, pakuti ena athandiza ndipo ena alibe thumba lotere. Wolandira Universal Credit amene ali ndi ana akhoza kupempha nkhongole yopanda ciwongoladzanja yofika £812, imene idulidwa pang'onopang'ono pa ndalama zace za pamwezi. A Vinsenti wa Paulo Woyera, amene tiwadziwa m'maparishi mwathu, ali nakonso, ndipo m'mizinda ina asonkhanitsa mipando ndi mabedi kupatsa osowa. Ku Leeds, mphunzitsi Bex Wilson atazindikira kuti mwana wina wa m'kalasi mwace analibe bedi, anayambitsa bungwe la Zarach, lopereka mabedi kwa ana kudzera m'masukulu. Motero kholo lisacite manyazi kuuza aphunzitsi, pakuti mabungwe ambiri salandira pempho popanda kalata ya sukulu kapena ya wogwira nchito yothandiza mabanja.

Wokulira pa salaula sangavutike ndi masitolo a British Heart Foundation kapena Emmaus, ogulitsa katundu wogwirapo kale nchito, kapenanso ndi Freecycle pa intaneti, pamene anthu apereka zinthu kwaulere kwa wokhoza kukazinyamula. Pa sofa ayang'ane kansalu kosonyeza kuti siigwira moto msanga. Coyenera kuthawa ndi katundu wolipira sabata ndi sabata pa mtengo wowirikiza, ndiponso kaloba, amene aliko ngati kuno. Cilimba ca anthu odziwana ca pachalichi ciposa zonsezi.

Tsiku lolandira makiyi, kholo lijambule mamita a magetsi ndi gasi, ndi kudziwitsa kampani tsiku lomwelo, kuopa kulipira nkhongole ya wotulukamo. Lijambulenso khoma lililonse la cinyontho ndi cuku. Mu Disembala 2020, Awaab Ishak, mwana wa zaka 2, anamwalira ku Rochdale cifukwa copuma cuku ca m'nyumba yotere. Imfa yace inabala lamulo limene, kuyambira Okutobala 2025, likakamiza eni nyumbazi ku England kufufuza ndi kukonza cuku coopsa m'masiku oikidwa. Dandaulo lilembedwe, ndipo kope lisungidwe.

Otsala kuno tikamva kuti mwana wathu wapatsidwa nyumba ku Manchester, tiyimba nthungululu, ndipo nkoyenera, cifukwa lendi yace njotsika ndipo sadzasamukanso caka ndi caka. Koma tidziwe kuti m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba adzukulu athu angakhale akugona pansi. Ya feteleza ndi ya fizi ikacedwa kufika nthawi imeneyo, yapita ku matilesi ndi sitovu.