Matandani: chipatala chomwe chinamera pamalo a ntchito

M'mapiri a Neno, komwe msewu wafumbi umasanduka matope mvula ikangogwa, muli mishoni ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist. Amayi oyembekezera ndi ana odwala malungo amaidziwa chifukwa cha chipatala chake chaching'ono. Koma malowa sanayambe ngati chipatala. Anatsegulidwa mu 1908, pomwe mmishonale wa ku America, Samuel Konigmacher, anadzakhazikika kuno, ndipo kwa zaka zambiri mbiri ya Matandani inali sukulu ya ntchito zamanja, makamaka ukalipentala ndi kumanga nyumba.

Mayi wake wa Matandani, mishoni ya Malamulo ku Thyolo, anadutsa njira yomweyo. Poyamba malowo ankatchedwa Plainfield, munda wa khofi womwe mmishonale Joseph Booth anaukonza kuti mishoni izidzidyetsa yokha ndi thukuta la anthu. A Adventist anagula malowo mu 1902, dzina la Malamulo linabwera mu 1907, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu odwala khate anayamba kukhamukirako. Lero ndani akatchula Malamulo amaganiza za khofi?

Kwawo kwa atsamunda athu nkhani yotere ili ndi mbali yowawa. Lamulo la 1834 ku England linachulukitsa nyumba zotchedwa workhouse, momwe mmphawi wosowa pogwira ankalowa kuti apeze chakudya ndi pogona. Malipiro ake anali kuphwanya miyala kapena kumasula zingwe zakale tsiku lonse. Moyo wa m'menemo anauumitsa dala kuti munthu asalakelake kupempha thandizo. Ngakhale kamangidwe kake kankanena zomwezo. Katswiri wojambula mapulani, Sampson Kempthorne, anakonza nyumba zooneka ngati mtanda: woyang'anira pakati, mabwalo anayi mozungulira, amuna kwaokha, akazi kwaokha, anyamata ndi atsikana kwaokhanso. Banja likalowa pachipata, linali litatha. Popeza ambiri olowamo anali okalamba ndi odwala, zipinda za odwala zinakula mpaka kumeza nyumba yonse, ndipo pomwe boma linayambitsa chithandizo chaulere cha zaumoyo mu 1948, zambiri zinasanduka zipatala. Chipatala chachikulu cha St James's ku Leeds chinachokera kumeneko.

Nyasaland inalibe nyumba zotere. Amphawi athu sanawatsekere m'makoma; msonkho wa nyumba ndi thangata zinali zokwanira kuwakokera kuntchito. Ndipo kungakhale kulakwa kufanizira Matandani ndi ndende ya amphawi, chifukwa mnyamata wopita kumeneko ankatuluka ndi luso lomudyetsa moyo wake wonse. Kamangidwe ka mamishoni a nthawi imeneyo nako n'kosiyana kwambiri: nyumba zotalikirana za njerwa zootcha, zoumbidwa ndi dothi la pomwepo, makoma ochindikala osunga kuzizira, denga la malata, ndi khonde lalikulu lotchinga dzuwa ndi mvula. Khondelo ndi limene linadzakhala pofikira odwala, ndipo mpaka lero m'zipatala zambiri za mishoni mzere wokaonana ndi adokotala umayambira pomwepo. Amisiri athu amakono, okonda magalasi ndi makoma opyapyala, akanaphunzirapo kanthu.

Komabe funso lakale la ku England lija silinafe: kodi wosauka aziyamba wapereka kanthu asanathandizidwe? Chipatala cha Matandani chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Boma limalipira ogwira ntchito m'zipatala zotere, koma ndalama zogulira mankhwala ndi kukonzera nyumba zimachokera kwambiri m'thumba la wodwala, pokhapokha pakhale mgwirizano woti boma kapena abwenzi ena alipire. Kafukufuku wochitika m'boma la Neno, yemwe anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti chipatala chikayamba kulipiritsa, chiwerengero cha odwala obwera chinkatsika ndi 68 pa 100 alionse, ndipo malipiro akachotsedwa chinkawirikiza kupitirira kanayi. Matenda sanali kuchepa ayi. Anthu ankangogonera kunyumba.

Neno inakhala boma palokha mu 2003, itapatuka ku Mwanza, ndipo bungwe la Partners In Health, lomwe kuno timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika mu 2007 n'kuthandiza kumanga chipatala chachikulu pa boma ndi china ku Lisungwi. Zimenezi zasintha zambiri, koma kwa mayi amene matenda amuyamba usiku m'mudzi wa kuseri kwa phiri, chipatala chenicheni ndi chomwe angafikeko wapansi.

Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Neno asalole kuti migwirizano yolipirira odwala m'zipatala za mishoni izidukiza chifukwa chochedwa kupereka ndalama. Nawo mpingo ulembe mbiri ya nyumba zakale za Matandani ndi kuzikonza, akuluakulu amene anaphunzira kugwira chipande ndi sowo pamalopo akadali moyo.