Chisamaliro cha Agalu ndi Amphaka Chiyambe Asanadwale

Unduna wa Zaulimi, kudzera ku nthambi yake yoona za umoyo wa ziweto, ukukumbutsa anthu onse oweta agalu ndi amphaka kuti chisamaliro cha ziwetozi chiyenera kuyamba zisanadwale. Ambiri amathamangira kwa mlangizi wa ziweto pokhapokha galu akasiya kudya kapena akayamba kuluma anthu mwachisawawa. Pa matenda ena nthawi imeneyo madzi amakhala atafika kale m'khosi, ndipo amene amakhala pachiswe ndi anthu a pakhomopo, makamaka ana.

Matenda oopsa kwambiri pa onse ndi chiwewe. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a chiweto chodwala, ndipo kamalowa m'thupi la munthu kudzera pa bala la kulumidwa kapena kukandidwa. Kuchoka pabalapo kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale nthawi zina zimafulumira kapena kuchedwa koposa apa. Zikangooneka, munthu kapena chiweto sapulumuka, chifukwa palibe mankhwala ochiza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuyerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 aliwonse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa kuti ili ndi chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15.

Chitetezo chake ndi katemera. Galu kapena mphaka alandire katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, ndipo azibayitsanso chaka ndi chaka. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akalandira katemera, kachilomboka kamasowa podutsira kuchoka kwa galu wina kupita kwa mnzake, ndipo matendawa amazilala. N'chifukwa chake galu wa munthu mmodzi wosabayitsa amaika mudzi wonse pangozi. Njira imeneyi yayesedwa kale m'dziko muno. Kuyambira m'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, lakhala likubaya agalu mumzinda wa Blantyre ndi maboma oyandikana nawo, ndipo m'chaka choyambacho agalu oposa 35,000 analandira katemera mumzindawu.

Pali mphekesera yakuti katemera amafooketsa galu wosakira nyama, kapena amachititsa galu wolondera pakhomo kusiya kuuwa. Izi n'zabodza. Katemera amangokonzekeretsa thupi la chiweto kulimbana ndi kachilombo, ndipo sasintha khalidwe kapena mphamvu za galu. Mukabayitsa, sungani chiphaso chomwe mwapatsidwa. Galu wanu akadzaluma munthu, chiphasocho chidzathandiza achipatala ndi alangizi a ziweto kudziwa zoyenera kuchita.

Kupatula chiwewe, tiana ta agalu timafa kwambiri ndi matenda a parvo, omwe amayambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, komanso matenda a distemper. Katemera wa matenda awiriwa amayamba kamwana kakakwana masabata 6 mpaka 8, ndipo amabwerezedwa pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka atakwanira. Amphaka nawonso ali ndi katemera wawo woteteza ku chimfine cha amphaka ndi matenda a m'matumbo.

Njoka za m'mimba nazo zimaondetsa ziweto, ndipo mazira a zina mwa izo amatha kulowa m'thupi la mwana amene akusewera padothi pomwe pali ndowe za galu kapena mphaka. Tiana ta agalu tiyambe kumwa mankhwala a njoka tikakwana masabata awiri, kenako masabata awiri aliwonse mpaka titakwana miyezi itatu. Ziweto zazikulu zizimwa miyezi itatu iliyonse. Ndowe zizichotsedwa pabwalo tsiku ndi tsiku ndi kukwiriridwa, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi ziweto.

Nkhupakupa ndi nthata zimachuluka nyengo ya dzinja. Nkhupakupa zimafalitsa matenda owononga magazi a galu, pomwe nthata zimayambitsa kuyabwa ndiponso zimafalitsa njoka zina za m'mimba. Pogula mankhwala ophera tizilomboti, funsani kaye mlangizi wa ziweto. Dibi wa ng'ombe wosasungunulidwa moyenera amapha agalu, ndipo mankhwala ena opangira agalu, monga okhala ndi permethrin, ndi poizoni kwa amphaka. Musapatsenso ziweto mankhwala a anthu. Panado, mwachitsanzo, amapha mphaka.

Unduna ukulimbikitsanso kufula ziweto zazimuna ndi kutseketsa zazikazi kwa dokotala wa ziweto wovomerezeka. Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pachaka, ndipo ana osowa owasamala ndiwo amasanduka agalu oyendayenda m'misika ndi m'malo otayira zinyalala, kumene katemera sawafikira.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena mphaka, atsuke balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Katemera wa anthu amagwira ntchito akaperekedwa zizindikiro zisanayambe, ndipo ayenera kumalizidwa monga achipatala anenera. Chiweto cholumacho chimangidwe pamalo otetezeka ngati n'kotheka kutero popanda kuika wina pangozi, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe kuti achiyang'anire kwa masiku 10. Makolo alimbikitse ana kunena msanga akalumidwa, chifukwa ana ambiri amabisa poopa kukalipiridwa.

Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo mayiko anagwirizana zothetsa imfa za anthu zobwera ndi chiwewe cha agalu pofika chaka cha 2030. Masiku ndi malo obayira katemera m'dera lanu amalengezedwa kudzera kwa mafumu, makhonsolo ndi maofesi a zaulimi. Unduna ukupempha aliyense woweta galu kapena mphaka kuti apite nazo ziweto zake zonse, agalu atamangidwa pachingwe ndipo amphaka ali m'dengu kapena m'bokosi lolowa mpweya. Amene akufuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa ziweto wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lawo.