Sikelo sinena zonse pa matenda a kadyedwe

Mtsikana akawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera, kuno kwathu anthu amayamba kunong'onezana za kachilombo kapena chifuwa chachikulu. Inenso monga dokotala wa matenda a maganizo ndimayambira komweko. Timayeza HIV, TB, shuga ndi chithokomiro, n'kufunsanso ngati pakhomo pali chakudya chokwanira, pakuti njala si nthenda ya maganizo. Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, m'pamene ndimakhala naye pansi n'kumufunsa chimene chikumuletsa kudya.

Yankho lake ndi limene limasiyanitsa matendawa. Wodwala TB amadandaula kuti chakudya sichikumukoma, ndipo amalakalaka thupi lake litabwerera. Wodwala anorexia nervosa njala amaimva ndithu, koma amaopa kunenepa. Amatema tinthongo ta nsima n'kumatizunguliza m'mbale mpaka anzake onse atasamba m'manja. Akaima pagalasi amaona munthu wonenepa pomwe amayi ake akuona mafupa. Kwa wamkulu timawerengera kulemera kwake poyerekeza ndi kutalika, ndipo muyeso umenewu, wotchedwa BMI, ukatsika kupitirira 18.5 timachita tcheru. Kwa mwana timayang'ana tchati cha kakulidwe. Odwala anorexia ambiri amamva kuzizidwa ngakhale mu Okutobala, mtima umagunda pang'onopang'ono, msambo umaleka. Anyamata nawonso amadwala, ndipo zimandipweteka kuti amabwera mochedwa chifukwa palibe amawaganizira.

Yovuta kuigwira ndi bulimia nervosa, imene Gerald Russell anailongosola ku London mu 1979. Wodwalayo thupi lake limaoneka labwinobwino, moti sikelo siulula kanthu. Amadya chakudya chochuluka m'kanthawi kochepa akulephera kudziletsa, kenako amadzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kusala kudya kapena kuthamanga mopitirira muyeso. Buku la matenda a maganizo la DSM-5 limati zizichitika kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu. Munthu saulula zimenezi tsiku loyamba, choncho ndimayang'ana manja ake ngati pa mfundo za zala pali zipsera zokhulidwa ndi mano, ndimayang'ana kuseri kwa mano akutsogolo ngati adyeka ndi asidi wa m'mimba, komanso masaya ngati atupa cha m'munsi mwa makutu. Magazi timayeza msanga, chifukwa kusanza pafupipafupi kumatsitsa potaziyamu, ndipo mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi. Koma amene amadzisanzitsa ali wowonda kwambiri timamuika m'gulu la anorexia. Apa pokha sikelo ndi imene imagamula.

Wina amadya mosadziletsa chimodzimodzi, mobisala ndi mwamanyazi, koma sachita chilichonse chochotsa chakudyacho. Imeneyi ndi binge eating disorder, yomwe inalembedwa ngati nthenda payokha mu 2013. Kumunena kuti ndi wosusuka n'kumulakwira. Chaka chomwecho mu DSM-5 inalowanso ARFID, ya munthu, kawirikawiri mwana, wokana chakudya chifukwa cha fungo, kuterera kwa therere kapena mantha otsamwa, osati mantha onenepa.

Nanga amayi oyembekezera amene amagula dothi pamsika n'kumabwira? Kudya zinthu zosadyedwa monga dothi ndi makala kwa mwezi wathunthu timati pica, koma sindithamangira kutchula dzinali pamene chili chizolowezi cha m'deralo. Ndimayamba ndawatumiza kukayezetsa magazi, chifukwa chilakolako cha dothi kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo ambiri akalandira mankhwala owonjezera magazi chimazirala.