Nkhope yosweka ya mayi wolira



Sabata yatha ana a Fomu 3 anandibweretsera buku uku akuseka. "Aphunzitsi, taonani, munthu uyu sankatha kujambula." Chinali chithunzi cha Pablo Picasso wa ku Spain chotchedwa The Weeping Woman, kutanthauza mayi wolira. Mphuno yaloza kumbali koma maso onse awiri akuoneka, nkhope yagawikagawika ngati galasi lomwe lagwa pasimenti.

Picasso ankajambula munthu ndendende ali ndi zaka 15 zokha. Apa nkhopeyi anaiswa dala. Pa 26 Epulo 1937 ndege zankhondo za Germany ndi Italy zinaponya mabomba pa tauni ya Guernica ku Spain, ndipo linali tsiku la msika. Taganizani pamsika wathu wa Phalula anthu atadzaza. Chithunzichi anachimaliza mu Okutobala chaka chomwecho.

Yambani ndi mitundu. Chipewa ndi chofiira, nkhope ndi yachikasu ndi yobiriwira, mitundu yowala ngati ya chitenje cha paukwati. Koma pakati, pomwe pali kamwa ndi kampango, mitundu yathawa. Patsala poyera motuwa, pozizira ngati phulusa la dzulo, mano akuluma nsalu. Diso lanu limathamangira pamenepo musanalitume. Mizere yakuthwa ija ili ngati minga, ndipo simungathe kusiyanitsa bwino pomwe pathera kampango ndi pomwe payambira khungu.

Amene munakhalapo pafupi ndi mayi wofedwa mukudziwa kuti nkhope yake siikhazikika. Ayang'ana uku, agwetsa mutu, atseka pakamwa kuti kulira kusatuluke. Kamera imagwira kamphindi kamodzi. Picasso anaunjika timphindi tonseto pa nkhope imodzi.

Zojambula zamoyo ma ulama ali nazo mawu, ndipo timazikamba m'kalasi. Pano ndikungofuna kuti muzidziwa kuwerenga zomwe mwaziona m'buku musanaseke. Luso lotereli si la azungu okha. Ibrahim El-Salahi, Msilamu wa ku Sudan wobadwa mu 1930, mwana wa mphunzitsi wa chipembedzo, anaphunzira kujambula ku London. Atabwerera kwawo anayamba kuphwatula zilembo za Chiarabu, n'kutulutsamo nkhope zazitali za maso olowa, mu mitundu ya dothi la kwawo: katondo, bulauni ndi wakuda. Mu 2013 ntchito zake zinaonetsedwa ku Tate Modern ku London, mzinda womwewo komwe kumasungidwa mayi wolira uja.