Sanalodzedwe, ndi bondo

Mnyamata akawala chaka chimodzi pa mabwalo a kuno ku Kaseye, mwina mpaka kukayesedwa ku Chitipa United, kenako n'kuzimiririka, anthu sachedwa kugamula: anzake anamuchita chipongwe, kapena mowa unamutha. Monga munthu wosamalira osewera ovulala, nkhani imeneyi yandikola. Za mowa nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri wolakwa amakhala kachingwe ka m'kati mwa bondo kotchedwa ACL, kamene kamagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti lisaterereke munthu akakhota mothamanga.

Kutha msanga si tsoka la kuno kokha. Ku America, m'masewera a baseball muli wosewera wotchedwa relief pitcher, amene amadikira kunja n'kulowa woponya woyamba akatopa. Amaponya mipira yochepa koma ndi mphamvu zake zonse, ambiri pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, ndipo chingwe cha m'chigongono chimanyenyeka pang'onopang'ono. Aliyense amatchula Mariano Rivera wa New York Yankees amene anasewera kuyambira 1995 mpaka 2013, koma khamu la anzake omwe anangodutsamo zaka ziwiri kapena zitatu palibe amene amalikumbukira. Komatu kumeneko kuli ndalama ndi madokotala: opaleshoni yokonza chingwe cha m'chigongono anaiyamba Dr Frank Jobe mu 1974 pa mkono wa woponya Tommy John, ndipo ngakhale lero wochitidwa opaleshoniyo amakhala pansi chaka kapena kuposerapo. Nanga wathuyu, wothamanga pa bwalo louma gwa la mwezi wa Okutobala, wolowetsedwa kuchokera pabenchi thupi lili lozizira?

Akuluakulu amanditsutsa kuti kale ankamenya chikopa opanda nsapato ndipo sankavulala. Ankavulala ndithu, kungoti ovulalawo anabwerera kumunda ndipo nkhani za kale timazimva kwa otsala. Ena amati mphini za asing'anga zimathandiza poti kutupa kumaphwa. Kutupa kumaphwa kokha pakatha milungu ingapo, koma nthawi zambiri chingwe chodukacho sichilumikizika chokha. Mnyamata amabwerera m'bwalo, bondo limamuthawa, kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa n'kung'ambikanso. Apo ndiye mpira watha, ndipo chomwe chimandinyansa n'chakuti makochi ena amamulowetsa akumuona akutsimphina.

Bondo likalira ngati lathyoka n'kutupa pasanathe maola ochepa, mutulutseni, ikani madzi oundana ngati alipo, pitani naye kuchipatala cha Kaseye kapena kuboma. X-ray ikaonetsa kuti mafupa ali bwino musavine, chifukwa zingwe zimaoneka pa MRI, ndipo imeneyo ndi ya m'zipatala zikuluzikulu za kutali. Akachitidwa opaleshoni, miyezi 9 ndiye yochepetsetsa asanabwerere m'bwalo, ngakhale matupi amasiyana. Olowa m'malo azitenthetsa thupi asanalowe. Ndondomeko yotenthetsera thupi ya FIFA 11+ imatenga mphindi 20 ndipo siifuna zipangizo zodula, ngakhale siiteteza aliyense.