Kodi beringi idzafa liti?

Ndikamaphunzitsa za half-life ku Fomu 4, sipalephera kupezeka wina wofunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati sitingadziwe atomu imene isweke mawa, nanga tikuwerengeranji?" Yankho langa ndimakalitenga kufakitale ya tiyi.

Inu a kuno ku Thyolo mukudziwa mmene zimakhalira kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula ikagwa tiyi amaphuka mothamanga, ndipo ku Satemwa, Conforzi, Makwasa ndi Naming'omba mathirakitala amangokhalira kututa masamba. Tsamba lothyoledwa silidikira munthu. Likaunjikana limatentha, kufiira, n'kuwonongeka. Liyenera kuyalidwa msanga kuti lifote, mafani akuluakulu akupemerera mpweya usiku wonse, kenako lipite ku makina odula ndi oumitsa. Fani ikaima chifukwa cha beringi, kachitsulo kokwana m'manja, masamba amataya mtengo, ndipo wothyola ndi mlimi wamng'ono yemwe zimawakhudza.

Tsono dziyeseni ndinu wosunga masipeya. Mukaitanitsa maberingi ochuluka, ndalama za kampani zagona pa shelefu. Mukaitanitsa ochepa, tsiku lina makaniko adzabwera thukuta lili kamukamu, inu n'kungotambasula manja. Ndipo sipeya yochokera kunja, yodzera ku Beira kapena ku Durban, sifika mawa.

Apa ndi pamene maatomu aja amatithandiza. Beringi imodzi palibe angalosere tsiku lake. Koma gulu la maberingi limamvera masamu.

Tiyerekeze, manambalawa ndi anga ongophunzitsira. Fakitale ili ndi maberingi 60 a mtundu umodzi, ndipo buku la makaniko likuonetsa kuti iliyonse imakhala pafupifupi zaka 3. Ndiye kuti pachaka pamafa 20. Ngati katundu amatenga miyezi 3 kuti afike, pa nthawi yodikirayo pafa 5. Ophunzira ambiri amaimira pompa: tiziitanitsa pa shelefu pakatsala 5, basi. Ayi ndithu. 5 ndi avareji chabe. Nthawi ina pafa 3, ina 8. Masamu a Poisson, amene amawerengera zinthu zogwa mwangozi, amaonetsa kuti mukasunga 5 mudzaperewera pafupifupi ka 4 pa maulendo 10 alionse. Mukasunga 9, kuperewera kumatsika kufika pa ka 3 pa 100. Njira yachidule nayi: pezani sikweya ruti ya avareji, apa ndi 2.2, muichulukitse kawiri, n'kuonjezera pa avarejiyo. Maberingi 4 apamwambawo ndi amene amakupulumutsani mu Febuluwale.

Koma kufanana kwa beringi ndi atomu kumathera penapake, ndipo ine ndimakonda gawo limeneli. Atomu sikalamba. Ya lero ndi ya zaka 1,000 zili ndi mwayi wofanana wosweka. Beringi imakalamba. Zina zimafa zikadali zatsopano chifukwa anazimanga mokhota kapena zinabwera ndi chilema. Zopulumuka zimagwira ntchito nthawi yaitali, kufa mwa apo ndi apo, mpaka chitsulo chitayamba kutopa, pamenepo zimagwa motsatizana. Injiniya wa ku Sweden, Waloddi Weibull, anafalitsa mu 1951 masamu ofotokoza zimenezi, ndipo mainjiniya akuwagwiritsabe ntchito. Ndiye ngati maberingi onse 60 anaikidwa chaka chimodzi, samalani, adzakalambiranso limodzi.

Kulemera kwa ntchito nakonso kumaluma kuposa mmene mungaganizire. Pa beringi ya timipira, mphamvu yoipsinja ikawirikiza kawiri, moyo wake sutsika ndi theka. Umagawidwa ndi 2 × 2 × 2, kutanthauza 8. Lamba womangitsa kwambiri akhoza kupha m'miyezi yochepa beringi yoyenera kukhala zaka. Onjezerani fumbi la tiyi ndi chinyontho cha dzinja zikalowa mu girizi.

N'chifukwa chake wosunga masipeya wochenjera sawerenga miyezi ya pa kalendala, amawerenga maola amene makina azungulira. Mwezi wa Januwale ungalemere kuposa Julayi ndi Ogasiti pamodzi.

Yesani nokha sabata ino. Pitani pa siteji ya kabaza, mufunse anthu 10 kuti tcheni kapena tayala lawo linakhala miyezi ingati, mupeze avareji, ndipo muwerengere kuti wogulitsa masipeya pamenepo asunge angati ngati amakapikula ku Limbe kamodzi pamwezi. Mubweretse mayankho Lolemba.