Madzi Awiri Osakumana

M'nyumba zambiri za ku Britain, komwe kumazizira kwambiri, boila imodzi ya gasi imafunditsa zipinda komanso kutenthetsa madzi osamba. Koma madzi a m'boila si amene anthu amasamba ayi. Iwo amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo amathiridwa mankhwala oletsa dzimbiri, choncho sayenera kukhudza thupi.

Nanga kutentha kumawoloka bwanji? M'thanki ya madzi osamba muli paipi ya kopa yopindidwa ngati nkhata. Madzi a m'boila akamayenda m'paipiyo, kopayo amapatsira kutentha kumadzi omuzungulira popanda kusakaniza ngakhale dontho. Pa Chingelezi chipangizochi amachitcha heat exchanger. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tingaonetse ana zimenezi mosavuta: tiike kapu yachitsulo ya madzi ozizira mumphika wa madzi otentha, pakapita mphindi zingapo ana akhudze madzi a m'kapuyo.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pathankipo. M'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa chomwe chidadziwika mu 1976 ku Philadelphia. N'chifukwa chake madziwo amasungidwa pa madigiri 60. Kutentha kotero kumawotcha khungu, makamaka la ana ndi okalamba, ndiye pampopi amawasakaniza ndi ozizira asanafike pathupi.